Zolakwika zonse pakhomo limodzi

Seva yathu kuno ku Chipata imangolandira pempho la kasitomala n'kulipititsa ku seva ina ya ku Lusaka. Netiweki ikaduka, kasitomala ankangodikira mpaka kutopa. Wolakwa ndinali ine ndemwe: njira iliyonse inali ndi try/catch yakeyake (kachidutswa ka pulogalamu kogwira zolakwika), ina ikubweza 500 (nambala yonena kuti seva yalephera), ina ili chete.

Ndinazichotsa zonse, n'kulemba middleware imodzi (kachidutswa komwe pempho limadutsamo) ya Express, chida chomwe tinamangira seva yathu, yolandira err (cholakwika), req (pempho), res (yankho) ndi next (chopititsira zinthu patsogolo), n'kuiika kumapeto kwenikweni. Ya ku Lusaka ikachedwa kupitirira masekondi 10, timabweza 504 (seva inayo yachedwa kuyankha). Ikayankha zosamveka, 502 (yankho lake n'lolakwika).

Chinandidyera tsiku lathunthu n'chakuti mu Express 4 cholakwika cha mu async (ntchito yodikira yankho lobwera pambuyo) sichifika chokha ku middleware ija. Uyenera kuchigwira wekha n'kuchipereka kwa next.