Kukonzekeretsa mtsikana mbali ya Lady Macbeth motsata mapazi a Sarah Siddons

Aphunzitsi anzanga a zisudzo, mtsikana mukamupatsa mbali yayikulu amathamangira kuloweza mawu. Mubwezeni. Pa mipikisano ya NASAAZ (bungwe la zaluso m'masukulu a m'Zambia) kuno kum'mawa, ana amene ndimawaona akugwa, mawu amakhala nawo onse m'mutu, koma manja akusowa kowayika ndipo akumbuyo sakumva kanthu. Njira imene ndimatsata ndi ana anga a sekondale ku Chipata ndinayitengera kwa Mayi Sarah Siddons, amene anabadwira ku Brecon m'dziko la Wales mu 1755, m'banja la oyendayenda ndi masewero. Mbali imene inawatchukitsa ndi ya Lady Macbeth, mkazi amene anasonkhezera mwamuna wake Macbeth kupha mfumu Duncan m'sewero la Shakespeare.

Awerenge kaye sewero lonse, yekha, pamalo achete, osati mizere yake yokha. Mayi Siddons anasimba okha kuti ali ndi zaka pafupifupi 20 anakhala pansi usiku kuti aloweze mbaliyi, akuyesa kuti ndi ntchito yochepa. Atafika pophedwa mfumu, mantha anawagwira, anatola kandulo n'kuthawira kuchipinda, nagona osavula zovala. Mwana wanu akabwera m'mawa n'kunena kuti “Aphunzitsi, ndawerenga, ndi sewero labwino,” dziwani kuti sanawerenge. Abwerezenso.

Mukatero mufunseni kuti mkazi ameneyu akufuna chiyani. Atsikana athu ambiri amamusandutsa mfiti: maso kutong'ola, mawu okalipa kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Anthu amaseka, ndipo akaseka sewero latha. Mayi Siddons analemba kuti m'maganizo mwawo ankamuona ngati mkazi wokongola, wooneka wofewa, woti mwamuna wolimba mtima angamumvere chifukwa chomukonda. Ine ndimawauza ana kuti alankhule kwa Macbeth ngati mkazi amene akunyengerera mwamuna wake chapansipansi kuseri kwa nyumba, alendo ali pakhonde.

Nthawi yambiri muithere pa manja. Chakumapeto kwa sewero, Lady Macbeth amayenda ali m'tulo, kandulo m'manja, akuyesa kuchotsa magazi amene palibe wina akuwaona. Hannah Pritchard, amene anatchuka ndi mbaliyi Mayi Siddons asanabwere, ankagwira kandulo mpaka kutuluka. Mu 1785, pa usiku woyamba ku Drury Lane mu London, mkulu wa nyumba ya zisudzoyo, Richard Brinsley Sheridan, anapita kukawachonderera Mayi Siddons kuti asasinthe zimene anthu anazolowera. Iwo anakana. Munthu angasambe bwanji m'manja dzanja lina litagwira kandulo? Anayiika pansi, nasamba ndi manja onse awiri, ndipo kuyambira pamenepo anthu akatchula Lady Macbeth ankatchula iwo.

Poyeserera chitani chonchi. Bweretsani beseni la madzi ndi sopo, mwanayo mumupake utoto wofiira kapena girisi pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Asambe zenizeni, inu mukumuyang'ana. Muona kuti sapikisa zikhatho ayi: amakanda chala chimodzi ndi chikhadabo cha chala chachikulu, amatembenuza dzanja, amaliyandikiza kumaso, mwina amalinunkhiza. Akazolowera, chotsani sopo. Tsiku lina chotsani madzi, kenaka beseni lomwe. Zala zizichitabe zomwe zija. Mawu abwere pambuyo, ndipo muona kuti amagwera pamalo pake okha, chifukwa mwana akudziwa pamene pali dontho.

Maso akhale otsegula koma osaona. Asankhe msomali kapena mng'alu umodzi pakhoma la kumbuyo kwa holo, ayende wopanda nsapato akuyang'ana pomwepo, mnzake aziwomba m'manja pafupi ndi khutu lake. Akacheuka, ayambirenso. Za kandulo: mukhale ndi katebulo kokhazikika pamalo amodzi, kutali ndi katani, ndipo chitenje chake chisalendewere. Holo zathu zambiri khomo lotulukira ndi limodzi.

Tsopano mawu. Mu 1775 David Garrick, mkulu wa nyumba ya zisudzoyo nthawi imeneyo, anawaitanira Mayi Siddons ku Drury Lane, nayamba ndi mbali ya Portia m'sewero lina la Shakespeare. Zinakanika. Ankanjenjemera, mawu sankafika kumbuyo, ndipo nyengoyo itatha sanawaitanenso. Anabwerera kumatauni akunja kwa London monga Birmingham, Manchester ndi York, kenaka Bath kuyambira 1778, akusewera mbali zosiyanasiyana usiku ndi usiku. Atabwerera ku Drury Lane mu Okutobala 1782 ndi mbali ya Isabella, anthu analira m'mipando. Musalole kuti tsiku la mpikisano likhale loyamba mwana kuyima pamaso pa gulu. Pitani nalo sewero ku pulayimale yapafupi, muholo ya tchalitchi, ngakhale pansi pa mtengo wa mango. Ana a giredi 5 sanyengerera. Akatopa amayamba phokoso, ndipo pamenepo mumadziwa pokonza.

Madzulo mutengereni ku bwalo la mpira. Iye ayime pa golo ino, mnzake pa golo inayo. Asakuwe. Akoke mpweya kuchokera m'mimba, dzanja lili pamchombo kuti amve ikufufuma, ndipo amalize chilembo chotsiriza cha liwu lililonse. Mnzakeyo azibwereza zimene wamva. Zimene zimavuta kwambiri ndi zonong'ona za m'tulo zija, zimene ziyenera kumveka ngati kunong'ona koma n'kufika kumpando womaliza ngakhale mvula ikugunda malata.

Musaiwale makolo. Mayi Siddons anabereka ana 7, ndipo mbali zawo ankaziphunzira usiku ntchito zapakhomo zitatha. Mtsikana wa ku Kapata kapena ku Mchini nayenso madzi ndi mbale zikumudikira. Pitani mukaonane ndi amayi ake maso ndi maso: “Amayi, mwana wanu ndizimutulutsa 17 koloko isanakwane.” Mukalonjeza, sungani, apo ayi mudzamutaya kutatsala mlungu umodzi.

Tsiku la sewero mulandeni foni. Mayi Siddons akamasewera Constance m'sewero la King John sankalola kuti chitseko cha chipinda chawo chovalira chitsekedwe, kuti azimva zonse zimene zikuchitika pa siteji ndipo chisoni chisazizire. Mwana wanu akhale kuseri kwa katani, amvetsere Macbeth akuphetsa mnzake Banquo ndi ana a mdani wake Macduff, kuti akamalowa ndi kandulo akhale atasenza zonsezo.

Pa 29 Juni 1812, kunyumba ya zisudzo ya Covent Garden mu London, Mayi Siddons anatsanzikana ndi siteji ndi mbali yomweyi. Atamaliza kuyenda m'tulo, anthu anakana kuti sewero lipitirire, ndipo linathera pomwepo. Nkhani imeneyi atsikana amaikonda, koma mnyamata amene akusewera Macbeth muchenjezeni kuti oweruza athu sadzachita zimenezo. Nkhondo yake yomaliza ndi Macduff ayiloweze ndithu.