Kiyibodi ya kalaputopu kakang'ono ikukuvutani? Chitani izi

Achimwene, mwati kalaputopu kanu ka mainchi 11 komwe munagula kuno ku Chipata kakulemba zolakwika ndipo zala zikuwawa. Zambiri mwa izi mukonza nokha.

Yambani ndi layout, kutanthauza momwe laputopu imagawira malembo ndi zizindikiro pa mabatani a kiyibodi. Dinani Shift ndi 2, ikatuluka @ ndiye kuti ili pa US, ikatuluka " ili pa UK. Yang'anani zomwe zalembedwa pa batanilo, zikasiyana dinani batani la Windows pamodzi ndi Space kuti musinthe, ngati inayo palibe muiwonjezere mu Settings pa Language.

Kenako, ngati J, K, L zikutulutsa 1, 2, 3 musathamangire kwa okonza, ndi Num Lock chabe, batani loyatsa manambala, tumalaputopu tina tilibe manambala a pambali ndiye anawabisa m'malembo. Dinani Fn ndi NumLk zitheka.

Chachitatu ndi touchpad, pamalo posisita ndi chala m'malo mwa mouse paja, iyi ndiye imakwiyitsa chifukwa chikhatho chikangoigunda cursor yathawira mzere wina. Tsitsani sensitivity (momwe imamvera kukhudza) kapena muizimitse mugwiritse mouse.

Za zala: mabatani a kiyibodi yaikulu amatalikirana mamilimita 19, pa tating'ono amapanikizana. Zala zolozera zikhale pa F ndi J pomwe pali timizere totukuka, mikono isapindike, ndipo zolembera pabedi musiye.

Pofuna ŵ mu Word lembani 0175 kenako Alt ndi X.

Koma ngati mumalemba ma assignment aatali, ine ndingati gulani chabe kiyibodi ya USB, laputopuyo muikweze pa mabuku.