Kupanga Kandege ka Santos-Dumont Kogulitsa ku Tete

Pa tindege ta waya togulitsa kwa alendo, kamene kali ndi dzina la munthu wodziwika ndi komwe wogula amakatola msanga. Alberto Santos-Dumont wa ku Brazil anaulutsa ndege yake ya 14-bis ku Paris mu 1906, ndipo alendo olankhula Chipwitikizi odzera pa bwalo la ndege la Chingozi ku Tete kapena ogwira ntchito ku migodi ya malasha ya ku Moatize ambiri amalidziwa dzinali.

Pezani waya wa mamilimita 2 wotalika mamita 3, zitini za zakumwa zinayi, pulayala, sizasi, guluu ndi kathabwa. Yambani ndi thupi la masentimita 25. Mapiko akhale awiriawiri, apamwamba ndi apansi, ogawidwa ngati timabokosi, nsonga zake zopendekera m'mwamba pang'ono.

Apa m'pamene ambiri amaphonya: kabokosi kakang'ono ka 14-bis kamakhala kutsogolo, pomwe mapiko aakulu ndi chopukusa mphepo zili kumbuyo. Mukatembenuza, wodziwa ndegeyi amangokabweza pa tebulo.

Tambasulani chitini chokutira mapiko ndi kabokosi, mbali yopanda zolemba iyang'ane kunja, kenako pindani m'mphepete mamilimita 3 kuti chisacheke zala. Guluu yekha musamudalire, dzuwa la ku Tete limamufewetsa. Mangani mfundo iliyonse ndi waya wopyapyala. Mukapaka vanishi waya wadzimbiri osaukwecha, amasupuka.

Kulemera kuli kumapiko, choncho mzati woimikira kandegeko pa kathabwa uchirikize pamenepo, apo ayi kamagwa chagada. Pa thabwa lembani dzina ndi chaka. Mapiko asapitirire masentimita 30 kuti kandegeko kalowe m'chikwama cha mlendo.