Chithunzi chakale cha agogo ali msilikali: mungadziwe bwanji gulu lawo ndi nkhondo yomwe anamenya

M'manyumba ambiri muli kachithunzi kakale ka bambo atavala kabudula wa khaki, chisoti pamutu, aliyense n'kumangoti awa ndi agogo anapita kunkhondo, koma mukafunsa kuti nkhondo yake iti yankho palibe. Chijambuleni kaye ndi foni pamalo owala, opanda flash, kutsogolo ndi kumbuyo komwe chifukwa kumbuyoku nthawi zina kumakhala chidindo cha studio kapena chaka cholembedwa ndi pensulo. Kenako muzichikulitsa pafonipo, osamangochigwiragwira chimang'ambika.

Musathamangire kunena kuti ndi msilikali poti mwaona chisoti cha fez, chija chooneka ngati kachidebe kovundikira. Apolisi ankavala, amesenjala a kwa DC ankavalanso, ndiye pali anyamata a malipenga ndi mganda omwe ankatengera dala kavalidwe ka asilikali mpaka kuima kwake. Ngati wanyamula chibadza kapena ndodo m'malo mwa mfuti, nsapato zili mbuu, kayikani ndithu.

Kwa ife a ku Nyasaland gulu lake linali King's African Rifles, KAR, lomwe linakhazikitsidwa mu 1902. Mabataliyoni athu anali 1 KAR ndi 2 KAR, likulu ku Zomba komwe pano kuli Cobbe Barracks. 3 ndi 5 anali a ku Kenya, 4 wa ku Uganda, 6 wa ku Tanganyika. Athu ankavala fez yakuda pomwe a Kenya ndi Uganda inali yofiira, koma apa ndi pomwe anthu amapusitsika, pa chithunzi cha black and white chofiira chimatulukanso chakuda bii, ndiye mtundu musaudalire. Yang'anani baji ya pachisotipo. Ya KAR ndi lipenga lokhota lili ndi nambala ya bataliyoni, nthawi zina nambalayo imalembedwa mwa Chiarabu ndiye 2 amaoneka ngati 7 wotembenuzidwa.

Baji ikakhala ya mbalame ija ya tsumba pamutu, crested crane, ameneyo ndi wa Northern Rhodesia Regiment, gulu la ku Zambia lomwe linayamba mu 1933, a ku Chipata ambiri analowa m'menemo. Chishango ndi mikondo ndi Rhodesian African Rifles ya ku Zimbabwe. Chiwombankhanga kutsogolo kwa chisoti chokutidwa ndi khaki, nsalu ikulendewera kukhosi, ameneyo ndi askari, msilikali wachikuda wa Mjeremani, ndipo musadabwe atakhala wachibale wanu. 2 KAR itathetsedwa mu 1911 ena mwa asilikali ake anawoloka malire kukalembedwa kwa Ajeremani ku Tanganyika, kunali malipiro abwinoko.

Za nthawi, zovala zimanena zambiri. Juzi yoderako, miyendo yokulungidwa ndi nsalu kuchokera m'kakolo mpaka m'bondo koma kuphazi kulibe nsapato, chimenecho n'chakale kwambiri, nkhondo ya 1914 isanayambe kapena itangoyamba kumene, nthawi yomwe Angelezi anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga ija. Nkhondoyo ili mkati zonse zinasanduka khaki ndipo kutchire ankavala kachisoti kafupi kokhala ndi nsalu yotchinga dzuwa kumbuyo. Mukaona munthu wavala zosakanikirana, bulangete paphewa, baji palibe, mwina anali wa mtengatenga, aja ankasenza katundu wankhondo pamutu, ndipo iwowa anali ochuluka kuposa asilikali enieniwo.

Chipewa chachikulu chopinda mbali imodzi ndi majombo, mwafika ku nkhondo yachiwiri. Pamkono pakakhala baji ya chipembere ndiye kuti anali mu 11th East Africa Division yomwe inamenya ku Burma mu 1944. Koma chenjerani, athu anapitanso ku Malaya m'zaka za m'ma 1950 ndipo zovala za m'nkhalango zimafananako.

Nyota n'zosavuta: mzere umodzi pamkono ndi lansi kopolo, iwiri kopolo, itatu sajeni.

Chomwe ine ndimachidalira kuposa zonsezi ndi nambala. Ngati mendulo zilipo m'sutikesi ya agogo aakazi, zungulizani m'mphepete mwake. Za nkhondo yoyamba zinkadindidwa nambala, dzina ndi gulu, pomwe za nkhondo yachiwiri monga Burma Star zambiri zilibe dzina. Nambala yomwe imayamba ndi zilembo DN ndi ya msilikali wolembedwa ku Nyasaland pa nkhondo yachiwiri. Ndi imeneyo mutha kufufuza pa intaneti ku Commonwealth War Graves Commission ngati anafera kunkhondo, kapena kupita ku National Archives ku Zomba, ndipo zithunzi zoyerekezera nazo zilipo zambiri pa tsamba la Imperial War Museum. Dzina lokha lisakutayitseni mtima likapanda kupezeka, makalaliki achizungu ankalemba m'mene amvera, Saidi n'kukhala Sayidi kapena Seidi, ndipo anyamata ambiri polembetsa ankangotchula dzina lawo ndi la bambo awo, la mfunda osalitchula n'komwe. Yesani masipelo onse, ndipo afunseni akuluakulu akumudzi dzina lomwe agogowo ankaitanidwa ali mnyamata.