Momwe mungaphunzitsire kuwonkhetsa ndi kuchotsera pogwiritsa ntchito mitolo ya timitengo

Mwana wa Giredi 2 akapatsidwa 27 + 15 n'kulemba 312, sikuti ndi wogona mutu. Wawonkhetsa 7 ndi 5 n'kupeza 12, wawonkhetsa 2 ndi 1 n'kupeza 3, kenako wangozigundaniza. Chimene sanaone n'chakuti 1 wa mu 12 uja ndi khumi lathunthu. Zimenezi sizilowa ndi choko chokha, zimafuna manja. N'chifukwa chake pulogalamu ya Catch Up, yomwe imathandiza ana otsalira a Giredi 3 mpaka 5 m'masukulu a kuno kum'mawa kwa Zambia, imadalira mitolo ndi timitengo. Inu amene muli ku Chipata College of Education ndipo mukukonzekera kukayesera kuphunzitsa, konzani zanu musanalowe m'kalasi.

Yambani ndi chiwerengero. Kuchokera pomwe maphunziro aulere anayamba mu 2022, makalasi ndi odzaza, ndiye tiyerekeze kuti muli ndi ana 80. Agaweni m'magulu 10 a ana 8. Gulu lililonse lifunika timitengo 120: mitolo 9 ya timitengo khumikhumi, zotsalazo zosamanga ndi zolowa m'malo mwa zotayika. Zonse pamodzi ndi 1,200. Musadzivutitse kudula nokha. Mwana aliyense akabweretsa 15, zakwana.

Nsungwi yong'ambidwa ndiye yabwino, bango ndi tsekera zimatheka koma zimaphwanyika msanga. Dulani masentimita 12 kalikonse, chifukwa zikasiyana kutalika ana amayamba kuganiza kuti chachitali n'chochuluka. Khutizani nsonga pa simenti kuti asalasane m'maso, ndipo ziumitseni padzuwa kaye. Zaziwisi zimachita nkhungu, komanso zikauma zimanyala n'kumapulumuka mu mtolo.

Zomangira musagule. Pitani kwa okonza njinga, omwe ku Chipata sasowa, mukapemphe chubu chotha. Chiduleni mopingasa ndi sizasi, timphete ta theka la sentimita. Chubu chimodzi chimatulutsa timphete toposa 100, ndipo n'tolimba kuposa timphira ta m'sitolo.

Kenako gulu lililonse likhale ndi thumba la feteleza long'ambidwa, lochapidwa bwino, loyala pansi. Jambulani mzere pakati. Kumanzere lembani Mitolo, kumanja Timitengo. Ana onse a m'gulu akhale mbali imodzi ya thumbalo, kapena moliyang'ana chammbali. Wokhala moyang'anizana ndi anzake amaona mitolo kumanja, ndipo 14 kwa iye amasanduka 41. Aphunzitsi ambiri atsopano amadandaula kuti ana akutembenuza manambala, osadziwa kuti vuto lagona pa kakhalidwe.

Tsiku loyamba musapereke samu. Ana angowerenga khumi, kumanga, kupereka kwa mnzawo kuti atsimikize. Mtolo wa 9 kapena wa 11 ukalowa m'gulu, yankho lidzalakwika pamene njira ili yolondola, ndipo mwana adzasiya kukhulupirira njirayo. Lamulo ndi limodzi, alinene mokweza mpaka alidziwe: kumanja sikukhala timitengo topitirira 9. Tikakwana khumi, timange, tisamukire kumanzere. Itanani manambala, 23, 32, 40, iwo aziyala. Pa 40 chedwanipo. Kumanja kulibe kanthu, ndipo ziro ndiye amene akutiuza zimenezo.

Tsopano 27 + 15. Ayale mitolo 2 ndi timitengo 7, m'munsi mwake mtolo 1 ndi timitengo 5. Asonkhanitse za kumanja poyamba. Zakwana 12, lamulo laswedwa. Musawauze chochita, afunseni: "Nanga apa titani?" Wina amanga khumi n'kuliwolotsa mzere. Pa nthawi yomweyo, osati pambuyo pake, lembani ka 1 kaja pamwamba pa mateni pa bolodi. Dzanja la mwana ndi choko chanu ziyendere limodzi. Mitolo 4, timitengo 2, yankho 42.

Kuchotsera ndiko kumagwetsa ambiri. Pa 42 − 17 ana amakonda kulemba 35, chifukwa achotsa 2 mu 7 poona kuti ndiko kukutheka. Apa ayale 42 yekha. Akayalanso 17 m'munsi monga anachitira powonkhetsa, amangosokonezeka, poti 17 ayenera kutuluka mu 42 momwemo. Auzeni achotse timitengo 7. Tilipo 2 tokha. Asiyeni avutike pang'ono mpaka wina amasule mtolo. Musanapitirire, awerengenso: mitolo 3 ndi timitengo 12 ndi 42 yemweyo, palibe chawonjezeka. Achotse 7, kutsale 5. Achotse mtolo, kutsale mitolo 2. Yankho 25. Akazolowera apatseni 40 − 6, muone amene wamvetsadi.

M'gulu la ana 8 simulephera wochangamuka amene amagwira zonse anzake akungopenya. Gawani ntchito: woyala, womanga, wotsimikiza, wolemba pa sileti kapena pansi. Samu iliyonse asinthane. Masamu atatu ochitidwa bwino pa phunziro limodzi aposa khumi othamangitsa.

Timitengo si tokhalitsa nato. Mwana akamapeza mayankho mosakayika, ayambe kujambula m'kope: kabokosi kuimira mtolo, kamzere kuimira kamtengo. Kenako manambala okha. Amene wabwerera ku 312 kapena 35, m'bwezereni pa thumba. Ku Giredi 3 mitolo 10 imangidwe ndi luzi kukhala 100, thumba liwonjezedwe gawo lachitatu.

Siyani mphindi 5 zomaliza zotolera. Gulu lililonse likhale ndi chigubu chake cha malita 5 chodulidwa pamwamba, cholembedwa nambala, ndipo mtsogoleri awerenge mitolo asanabweze. Zigubuzo zikolekeni pa msomali kapena pa denga, osati pansi, makamaka nthawi ya mvula pamene chiswe chimalowa m'makalasi. Potsekera temu masulani mitolo yonse, chifukwa mphira ikakhala yokokedwa m'kutentha imauma n'kuduka.