Kukonza nkhani ya Byllis pa Wikipedia

Anzanga a kuno ku Angonia, mukatsegula nkhani ya Byllis, mzinda wakale wa ku Illyria womwe mabwinja ake ali ku Albania, musathamangire kufufuta. Yambani mwakopera zonse mu sandbox, tsamba lanu loyeserapo pa Wikipedia, ndipo muzisunga pafupipafupi, poti netiweki ya ku Ulongwe madzulo siyodalirika.

Ndime yoyamba ingonena za malo: paphiri pafupi ndi mudzi wa Hekal, moyang'anana ndi mtsinje wa Vjosa. Kenako mbiri, motsata zaka, ndipo apa mpamene ambiri amasakaniza. Mzindawu unamangidwa m'zaka za m'ma 300 BC, unasanduka koloni ya Aroma m'nthawi ya mfumu yawo Augustus, ndiye linga laling'ono lam'kati linadza m'nthawi ya mfumu Justinian, m'ma 500 AD. Matchalitchi okongoletsedwa pansi ndi timiyala musawaike ndime imodzi ndi bwalo la zisudzo. Bwalolo ndi lakale kutalitali.

Zoti eni mzinda anali Ailiriya enieni kapena otengera za Agiriki, akatswiri amatsutsana. Lembani mbali zonse, iliyonse ndi buku lake. Ine chiganizo chopanda gwero ndimachiika chizindikiro choti chikufunika gwero, sindichichotsa tsiku lomwelo. Posunga, fotokozani mwachidule ndime zomwe mwasuntha.