Khoti lisaopseze munthu asanaonane ndi woweruza

Munthu amafika kukhoti mtima uli kale m'mwamba. Usiku sanagone, samani ili m'manja, khomo lolowera sakulidziwa. Ndiye inu amene mwapatsidwa ntchito yojambula kapena kuvomereza pulani ya nyumba ya khoti, musayambire pa mmene idzaonekere kwa odutsa mumsewu. Yambani ndi ulendo wa munthu ameneyu kuchoka pageti mpaka pabenchi yake.

Makhoti ambiri akale ankamangidwa kuti wolowa adzione wochepa. Palais de Justice, nyumba ya makhoti ya ku Brussels m'dziko la Belgium, yomwe inatsegulidwa mu 1883, ndi chinyumba cha zipilala ndi masitepe oti munthu akungofika wagwa kale ulesi. Ulemu ulipo ndithu. Koma mboni yamantha imaiwala, imakakamira mawu pakhosi, ndipo mlandu ndi umene umavutika.

Khomo la anthu onse likhale limodzi, looneka msanga, pafupi ndi nthaka. Ngati pali pokwera, ikani njira yotsetsereka ya njinga za olumala pambali penipeni pa masitepe, osati kuseri kumene kumadzera zinyalala. Muyeso wake ngosavuta: pa sentimita imodzi iliyonse yokwera, njira italike masentimita 12. Khonde likakwera masentimita 50, njirayo ikhale mamita 6. Zitseko zisachepere masentimita 90, ndipo njinga imafuna malo a mita 1.5 kuti itembenuke. Posechera anthu pakhale pansi pa denga. Akangodutsa apo apeze tebulo lokhala ndi munthu woyankha mafunso, chifukwa si onse amawerenga zikwangwani.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi podikirira. Mlandu ungathe kuitanidwa ndi kuimitsidwa m'mphindi zochepa, koma munthuyo wakhala panja m'mawa wonse. Kodi wakhala ndi yani? Taganizani mayi amene wabwera kudzanena za yemwe anamuchitira nkhanza, ndipo benchi ndi imodzi yokha, m'kanjira kopanikiza, abale a wozengedwa mlandu ali uku ndi uku. Palibe amene wamugwira, kungomuyang'ana basi. Pofika m'bokosi la mboni, theka la zimene amafuna kunena wazimeza. Choncho odandaula ndi mboni zawo akhale ndi chipinda chawochawo, chimbudzi chili pafupi, komanso njira yawo yolowera m'khoti. Ana apatseni kachipinda kabata kokhala ndi kamera, kuti apereke umboni osayang'anizana ndi amene akumuopa.

Musaiwalenso tizipinda ting'onoting'ono totsekeka tokambirana loya ndi munthu wake. Mpando, tebulo, chitseko, basi. Tikasowa, nkhani zachinsinsi zimanong'onedwa pakhonde aliyense akumva. Njira za m'nyumbamo zikhale zitatu zosakumana: ya anthu onse, ya oweruza ndi ogwira ntchito, ndi ya amene akuchokera m'chitokosi. Izi zimadya malo, inde, koma kuzikonza nyumba itatha n'kodula kuposa kuzijambula pachiyambi.

M'chipinda chozengera milandu, chachikulu ndi kumva. Makoma osalala, simenti pansi ndi denga lalitali zimabweza mawu, ndipo womasulira amangoti "bwerezani" tsiku lonse. Siling'i yomwa phokoso ndi matabwa m'makoma zimathandiza kuposa kuwonjezera zokuzira mawu. Mpando wa woweruza ukwere sitepe imodzi kapena ziwiri, zongokwanira kuti aone nkhope ya aliyense, naye aonedwe. Kuwala kwa dzuwa kulowe, makamaka kudzera m'mazenera a m'mwamba kuti a kunja asasuzumire mboni.

Kuti ulemu ungapezeke popanda kuopseza, onani Constitutional Court (khoti loona za malamulo aakulu a dziko la South Africa) ya ku Johannesburg, yomwe inatsegulidwa mu 2004 pamalo a ndende yakale ya Old Fort. Anaimanga pa ganizo la chilungamo cha pansi pa mtengo, moti zipilala za polandirira alendo n'zopendekeka ngati mitengo. Njerwa za gawo la ndende limene ankasungiramo oyembekezera kuzengedwa milandu anazigwiritsanso ntchito m'makoma a khoti. Ine chimene chimandikhudza ndi kazenera kotalika ka m'munsi mwa khoma: oweruza amaona miyendo ya anthu odutsa kunja, osadziwa kuti ndi ya wolemera kapena wosauka.

Chitokosi nachonso ndi gawo la khoti. Ambiri okhalamo sanapezeke olakwa. Mukhale mpweya, kuwala, madzi akumwa ndi chimbudzi chotchinga, amayi ndi ana kwaokha.

Musanasaine pulani, kokani zingwe pabwalo motsatira miyeso ya zipindazo. Itanani kalaliki wa khoti, womasulira, wapolisi woperekeza akaidi ndi munthu woyendera njinga ya olumala, aliyense ayende njira imene adzayende tsiku la mlandu. Paliponse pamene awiri akumana osayenera kukumana, kapena njinga yakanika kukhota, lembani chizindikiro papulaniyo ndipo ibwerere kwa wojambula.